Msika wa Denga ndi Vinyo wa Kutali

Atsogoleri a makalasi a kuwerenga ndi kulemba, pa tsamba la mbiri ya kwathu ulendo uno tikupita nanu kumsika. Ambirife timalowa mu merikado wa ku Cuamba kapena wa ku Mandimba tikuganiza za ndiwo basi: tigule matemba, mcere ndi sopo, tibwerere dzuwa lisanapendeke. Komatu msika ndi nkhokwe ya mbiri. Cinthu ciliconse cili pa banka cinayenda ulendo wake, ndipo ngakhale denga limene timausapo mvula lili ndi nkhani: mwambo womanga denga pamsika unacokera kuti, analoledwa kukhala pansi pake ndani, nanga anatsala panja ndani? Kuti tiyankhe mafunso awa titsata cinthu cimodzi cimene sicimera m'minda mwathu, koma cinasokoneza malonda a dziko lino kwa zaka zambiri. Cinthuco ndi vinyo.

Dzina locokera ku dziko la mphesa

Acikulire akukumbukira nthawi imene pa siteshoni ya sitima sipanalembedwe Cuamba ai. Mu 1952 Apwitikizi anapatsa malowa dzina lakuti Nova Freixo, ndiye kuti Freixo Watsopano, ndipo dzina lathu linabwerera titalandira ufulu. Freixo wakaleyo ndi Freixo de Espada à Cinta, katauni ka kumpoto cakum'mawa kwa Portugal, m'mbali mwa mtsinje wa Douro, pamalire ndi Spain. Kumeneko ndi kwao kwa Sarmento Rodrigues, wobadwa mu 1899, amene anali nduna yoyang'anira maiko a kutsidya kwa nyanja kuyambira 1950 mpaka 1955, ndipo pambuyo pace anakhala bwanamkubwa wa Moçambique kuyambira 1961 mpaka 1964. Pofuna kulemekeza ndunayo anatenga dzina la mudzi wace nalipacika pa dziko la Amakua, Alomwe ndi Ayao.

Cigwa ca Douro ndi dziko la mphesa. Mapiri ace ndi a miyala, ndipo alimi anawadula makwererowa kuti nthaka isakokoloke. Amalimako mphesa, azitona ndi mitengo ya amondi. Mu 1756 nduna yaikulu ya mfumu, imene inadzadziwika kuti Marquês de Pombal, inaika malire a dera la vinyoyo ndi malamulo a kapangidwe kace. Mphesa amathyola ca mu Seputembala, ndipo kale migolo ya vinyo inkatsika ndi mabwato mpaka ku Vila Nova de Gaia, kutsidya kwa mzinda wa Porto. Mu Porto momwemo muli msika wa Bolhão, umene nyumba yace inamangidwa mu 1914. Munthu akalowa mumsika wotere amapeza nsomba, ndiwo zamasamba, mafuta a azitona ndi vinyo zili pamodzi ngati ana a nyumba imodzi, pakuti zonse ndi za dziko lomwelo.

Kwathu kuno kunabwera dzina, kunabwera mamangidwe a msika, kunabweranso vinyo, koma mpesa weniweniwo sunabwere. Mvula yathu imagwa nyengo yotentha ndipo cinyezi cimaoletsa zipatso zace. Kuonjezera apo, boma la ku Lisboa silinkafuna alimi a mphesa m'maiko lomwe linkalamulira; linkafuna ogula.

Msika usanakhale ndi denga

Tisaganize kuti malonda anayamba ndi Azungu. Makolo athu ankasinthana zinthu pabwalo, patsinde pa mtengo, kapena padooko. A kunyanja za Chiuta ndi Amaramba, kumene mtsinje wa Lugenda umayambira, ankabwera ndi nsomba zouma. A ku Chilwa ankaceza mcere kucokera ku dothi la m'mbali mwa nyanja, naupereka posinthana ndi mapira kapena mawere. A kumapiri anali ndi nyemba, fodya ndi makasu. Yohanna Abdallah, wansembe waciyao amene buku lace la mbiri ya Ayao linatuluka mu 1919, anafotokoza kuti amisiri osula zitsulo a mtundu wa Acisi ndi amene anayamba kuyenda ndi makasu mpaka kukafika ku nyanja ya mcere. M'mapazi mwao munadzayenda maulendo akuluakulu opita ku Kilwa, ku Ilha de Moçambique ndi ku Quelimane, atasenza minyanga ya njovu ndi kubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Tisabise: m'maulendo omwewo munkayendanso anthu omangidwa magoli, okagulitsidwa ukapolo.

Muyeso wa masiku amenewo unali wooneka ndi maso: dengu, licero, nsengwa, mkono wa nsalu. Wogula ndi wogulitsa onse ankaudziwa mofanana, n'cifukwa cace akulu anati malonda ndi m'maso.

Zakumwa nazo zinalipo zathuzathu. Amai ankafulula mowa wa mapira ndi mawere, umene Ayao amati ukana, Amakua amati otheka. Panali thobwa la ana, alendo ndi onse osamwa zoledzeretsa, makamaka m'midzi ya Asilamu ya ku Mandimba ndi Ngauma. Mowa sunali wongosangalatsa, unali malipiro. Wofuna kupalira munda waukulu ankaitana dima, anthu n'kulima, kenaka n'kukhala pansi kuzungulira mbiya. Motero mphamvu ya mowa inali m'manja mwa amai. Ngakhale kacasu, amene dzina lace linacokera ku liu la Cipwitikizi lakuti cachaça, anasanduka luso la m'mudzi.

Kampani, msonkho ndi sikelo

Mu 1891 Portugal ndi Britain anagwirizana za malire, ndipo mzere unadutsa pakati pa abale: Mandimba mbali ino, Namwera mbali inayo. Caka comweco Portugal anapereka dziko lonse la pakati pa mitsinje ya Rovuma ndi Lúrio kwa Companhia do Niassa, kampani imene inalamulira mpaka 1929. Cuma cace cacikulu cinali msonkho wa nyumba. Likulu la mfumu Mataka ku Mwembe linagwa mu 1912, ndipo asipayi anafika paliponse. Munthu amene kale ankasintha nyemba ndi mcere tsopano anafunika ndalama, apo ai cibalo. Mabanja zikwizikwi anathawira ku Nyasaland.

Kampani itacoka, boma la Salazar linatenga dzikoli m'manja mwace. Kuyambira 1938 ulimi wa thonje wokakamiza unakula kwambiri kumpoto kwa Moçambique. Munda unkayezedwa ndi kapitao, mbeu inkaperekedwa, mtengo unkaikidwa ndi boma, ndipo wogula anali mmodzi yekha m'dera lonse. Kwa makolo ambiri, msika woyamba wokhala ndi sikelo, kalaliki ndi buku unali msika wa thonje. Apa ndi pamene muyeso unacoka m'maso n'kulowa m'pepala. Mai wasenza mtolo ulendo wa tsiku lathunthu, kalaliki wayang'ana singano ya sikelo, wanena kuti ili ndi thonje laciwiri, walemba nambala. Maiyo angatsutse bwanji cimene sakutha kuwerenga? Lamulo la thonje lokakamiza linathetsedwa mu 1961, koma mantha a sikelo anatsala.

Njanji yocokera kugombe inafika ku Cuamba mu 1950, inakafika ku Vila Cabral, lero Lichinga, mu 1969, ndipo mu 1970 inalumikizana ndi Malawi kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi. Sitima inkatsika ndi thonje, cimanga ndi nyemba. Pokwera inkabwera ndi nsalu, mcere wa kunyanja, palafini ndi migolo ya vinyo.

Ulendo wa vinyo

Nanga vinyoyo anadzafuna ciani kuno? Nkhani yace inayambira ku Ulaya. Ca m'ma 1860 kacilombo kochedwa phylloxera kanayamba kudya mizu ya mphesa. Minda ya ku France itaonongeka, Afalansa anayamba kugula vinyo wambiri ku Portugal, ndipo alimi a ku Portugal anabzala mphesa ponseponse. Pofika ca m'ma 1890 France anali atacira, naleka kugula. Migolo inadzaza, ogula kulibe. Eni minda ndi amalonda a ku Lisboa anayang'ana ku Africa.

Vinyo amene ankatumiza kuno sanali uja wamtengo wapatali wa ku Douro ai. Anali wotsika mtengo, wocokera makamaka ku madera a pakati pa Portugal, wosakanizidwa m'nyumba zosungiramo katundu za ku Poço do Bispo mu Lisboa. Ankamuonjezera mphamvu kuti asasase paulendo wa panyanja, ndipo akafika kuno ogulitsa ena ankathiramo madzi ndi zina zoti aziluma pakhosi. Amalonda okhawo ankamunena poyera kuti ndi vinyo wa munthu wakuda. Wolemba mbiri José Capela anatenga mau omwewa kukhala mutu wa buku lace la mu 1973, O Vinho para o Preto.

Kuti vinyoyu agulidwe panafunika kutsekereza mbiya za amai. Kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 boma linaika malamulo oletsa kapena olipiritsa zakumwa za m'midzi, poyamba kumwera kwa mtsinje wa Save, kumene amuna ankabwera ndi ndalama za ku migodi ya ku Joni. Ku Niassa zinafika mocedwerapo, boma litalowa m'malo mwa kampani, misewu ndi njanji zitatseguka. Pamaso pa anthu ankati akuteteza thanzi la eni dziko. Koma taonani: kacasu wa m'mudzi anali mlandu, pamene vinyo wa m'kantina anali ndi layisensi.

Kantina ndiyo inali mtima wa malonda a kumidzi. Inali sitolo yaing'ono ya Mpwitikizi kapena Mmwenye, ya malata, yokhala ndi khonde, sikelo pakhomo ndi nkhokwe kuseri. Mwini kantina ankagula cimanga, nyemba ndi mtedza, ndipo yemweyo ankagulitsa kapulana, mcere, makasu, singano ndi palafini. M'makantina a Apwitikizi munkapezekanso vinyo, wa mumgolo kapena wa mu garrafão, lija botolo lalikulu la malita 5 lolukiridwa ngati dengu. Ndalama imene mlimi walandira pakhomo inkabwerera pa kauntala lisanalowe dzuwa. Ikapelewera, panali buku la ngongole, lolipidwa pokolola. Buku limenelo linkalembedwa ndi munthu mmodzi, n'kuwerengedwa ndi munthu yemweyo.

Tinene cilungamo: si onse anagwa mumsampha umenewu. M'midzi yambiri ya Ayao Cisilamu cinatseka khomo la vinyo, ndipo amai ambiri sanaleke kufulula. Anangosamutsira mbiya kudambo kapena kuphiri. Tinenenso kuti kantina, ngakhale inali yodyera anthu, inkafikitsa mcere ndi khasu pafupi ndi mudzi. Mfundo imeneyi tiikumbukire, tidzaifuna kutsogoloku.

Pansi pa denga ndi kunja kwace

Msika wa denga, umene Apwitikizi amati mercado municipal, ndi mwambo wa m'matauni a kwao. Ku Lourenço Marques, lero Maputo, anamanga wao waukulu mu 1901, ndipo matauni ena anatsatira pamene ankakula. Colinga cinali cabwino ndithu: cakudya cikhale pamthunzi, nyama ndi nsomba ziyang'aniridwe, miyeso ikhale yofanana, ndipo khonsolo itolere msonkho. Koma m'dziko logawa anthu pawiri, denga nalo linagawa anthu. Banka ya simenti inkafuna layisensi ndi ndalama. Layisensi inkafuna mapepala. Mapepala ankafuna munthu wodziwa kulemba Cipwitikizi. Mpaka 1961 lamulo linkaika pafupifupi munthu wakuda aliyense m'gulu la indígena, ndipo wofuna kutulukamo n'kukhala assimilado anayenera kuonetsa, mwa zina, kuti amadziwa bwino Cipwitikizi. Motero olima cakudyaco nthawi zambiri ankayala malonda ao pansi, kunja kwa mpanda, kapena kuzungulira nao m'makomo a Azungu.

Nkhondo ya ufulu itayamba pa 25 Seputembala 1964, Nova Freixo inadzaza asilikali, ndipo panali bwalo la ndege za nkhondo. Msilikali wa Cipwitikizi ankalandira vinyo pamodzi ndi cakudya cace. Masitolo ndi mabala anaculuka, ndipo mu 1971 malowa anakwezedwa kukhala mzinda. Nthawi yomweyo kumidzi ya Niassa anthu ankasonkhanitsidwa m'maaldeamento, kutali ndi minda yao, ndipo ena anawolokera ku Malawi. M'tauni munali zakumwa za kutsidya kwa nyanja, kumudzi kukusowa ufa.

Ufulu, mashelefu opanda kanthu, nkhondo

Pa 25 Juni 1975 tinalandira ufulu. Eni makantina ambiri anacoka, ena atatenga magalimoto ao. Migolo ya vinyo inaleka kubwera, ndipo ocepa okha ndi amene anailira. Koma pamodzi ndi vinyo kunapitanso mcere, sopo, khasu ndi wogula cimanga. Boma linatsegula Lojas do Povo, masitolo a anthu, ndi makoperativa. Mu 1981 linakhazikitsa Agricom kuti izigula zokolola. Katundu sanakwane. Pa nthawiyo anthu oposa 90 pa 100 alionse sankadziwa kuwerenga, ndipo ngakhale osunga mabuku a masitolowo anali osowa. N'cifukwa cace kampeni yoyamba ya dziko lonse yophunzitsa akulu kuwerenga, ya mu 1978, inali nkhani ya m'mimba, osati ya m'kalasi mokha.

Mlimi atapeza kuti metikali, ndalama imene inalowa m'malo mwa esikudo pa 16 Juni 1980, ilibe coti igule, analeka kugulitsa. Anthu anabwerera ku kusinthana kwa makolo: lata ya cimanga ndi kapulana, nkhuku ndi mcere. Malonda a mseri, aja a kandonga, anakula, ndipo mu 1983 boma linaika lamulo lokwapula ocita malonda otere, lomwe linathetsedwa mu 1989. Caka comweco ca 1983, Operação Produção inabweretsa ku Niassa anthu zikwizikwi ocotsedwa m'mizinda ya kumwera, ambiri osadziwa n'komwe kugwira khasu.

Kenaka nkhondo inatseka misewu ndi njanji. Amene analipo akukumbukira kudya ndiwo zopanda mcere, kuvala masaka ndi makungwa, kucapa ndi mizu ya mitengo. Anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo a ku Mandimba ndi Ngauma ambiri anakhala kwa abale ao m'boma la Mangochi. Mu 1987 boma linayamba kumasula mitengo, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anthu anayamba kubwerera. Amene anadzutsa msika si kampani kapena boma ai, koma anthu wamba: amai a madengu, anyamata a njinga, ndi obwerera kucokera ku Malawi amene anaphunzirako geni. M'zaka zimenezo kwacha inkayenda m'misika ya m'malire kuposa metikali. Cuamba inakhala ndi khonsolo yosankhidwa ndi anthu mu 1998, Mandimba mu 2013, ndipo misika ya m'matauniwa ili m'manja mwa makhonsolowo.

Tiyeni tilowe

Tsono tilowe mumsika wa ku Cuamba m'mawa, tisanagule kanthu, tingoyang'ana. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa mabanka a ndiwo pali tomato, anyezi ndi kabici, zina za m'madimba a konkuno, zina zocokera ku Malema pa njira ya ku Nampula. Pali mbatatesi ndi nyemba zocokera kumtunda kozizira, ku Ngauma ndi Lichinga. Kokonati ndi mcere zakwera kucokera kugombe. Kumbali ya nsomba, kumene mphuno imafika maso asanafike, kuli matemba ndi milamba yowamba ya ku Chilwa, Chiuta ndi Amaramba, usipa wa ku nyanja ya Niassa, ndi nsomba zamcere za ku nyanja yaikulu. Pali makaka a cinangwa, ufa, mpunga, nandolo, mtedza. Makutu akumva Cimakua, Cilomwe, Ciyao, Cinyanja ndi Cipwitikizi, nthawi zina m'kamwa mwa munthu mmodzi.

Banka imodzi yokha ikhoza kuphunzitsa mbiri ya dziko lonse lapansi. Mapira, mawere, khobwe ndi nzama ndi mbeu za mu Africa muno. Cimanga, cinangwa, mbatata, mtedza, tomato ndi tsabola zinacokera ku America, zinawoloka nyanja pambuyo pa caka ca 1500. Mango kwao ndi ku India. Mau nawo amaulula njira: mbatata ndi batata, cinanazi ndi ananás, nsapato ndi sapato, vinyo ndi vinho. Nsima ya cimanga imene timati ndi yathu inali mlendo, koma mlendo amene analowa m'munda, nakhala mbale. Vinyo sanalowe m'munda. Anathera pa kauntala.

Lero pa mabanka a zakudya simumupeza. Ali m'masitolo ndi m'mabala a m'mbali, m'mabotolo ndi m'makatoni olembedwa Portugal kapena South Africa, ndipo amagula ndi ocepa. Garrafão uja m'nyumba zina anasanduka cosungiramo madzi kapena palafini. Cosangalatsa n'cakuti mu 2011 fakitale ya mowa ya ku Nampula inayamba kupanga Impala, mowa wa m'botolo wocokera ku cinangwa ca alimi ang'onoang'ono. Mbeu imene mowa wace unkafululidwa mobisa inalowa m'botolo la layisensi, ngakhale kuti mtengo wa cinangwaco saika mlimi.

Ku Mandimba, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kucokera ku Cuamba pa msewu wa N13, msika umapuma ndi mapapo awiri. Chiponde ali pafupi, ndipo katundu amatsata kumene mtengo wakomera: cimanga, nyemba ndi nandolo mbali iyi, shuga, ziwiya ndi zovala mbali inayo, caka cina n'kutembenuka. Pa njala ya ku Malawi ya 2001 ndi 2002 cimanga ca kumpoto kwa Moçambique cinawoloka malire cambiri, cina pa njinga, ndipo mabanja ena amene anagulitsa mopitirira anadzagula comweco pamtengo wokwera. Apa munthu amafunika masamu a ndalama ziwiri, ndipo acikulire ena amawerengabe ndi metikali yakale, ija inacotsedwa maziro atatu mu 2006. Nyama ya mbuzi ndi ng'ombe imazingidwa mwa Cisilamu, kuti aliyense agule mosakaika.

Ku Ngauma, monga pa Massangulo pamene amishoni a Consolata anakhazikika mu 1928, malonda ambiri amacitikira m'mbali mwa msewu ndi pansi pa zisakasa. Kumeneko ndiye kumacokera cakudya, koma nthawi yokolola wogula amabwera ndi galimoto lace, sikelo yace ndi mtengo wace.

Ndiye funso lathu lija tiliyankhe. Denga lero ndi lathu. Palibe lamulo loletsa mwana wa mlimi kukhala ndi banka. Komabe yang'anani bwino: pansi pa denga pamaculuka ogula n'kugulitsa, pamene amai obwera ndi zao za kumunda amayala panja, padzuwa, nalipira tikiti ya tsiku cimodzimodzi. Miyeso ilipo inai: mulu, kopo, lata ndi kilo. Lata imene amagulira kumudzi nthawi zina imakhala yotupa mimba, ya kumsika yophwanyika kunsi. Sikelo ya fodya, thonje ndi soya imalankhula ndi manambala, ndipo ngongole ya feteleza imalembedwa papepala. Vinyo anapita, koma buku la kantina likalipo, langosintha cikuto.

Zoti tikacite ndi ophunzira athu

Tikupempha mtsogoleri aliyense akonze tsiku limodzi lopita kumsika ndi kalasi yace. Yambani mwakapempha cilolezo kwa mkulu wa msika, ndipo ogulitsa muwauze colinga canu kuti asaganize kuti mwabwera kudzawagwira. Ophunzira agawike awiriawiri. Ena alembe maina a zakudya khumi ndi kumene zacokera. Ena awerenge zikwangwani, matikiti ndi zolembedwa pa mapaketi, makamaka kulemera ndi tsiku lothera nchito. Ena atenge lata imodzi ya cimanga, aiyeze pa masikelo awiri osiyana, alembe zimene apeza. Pobwerera m'kalasi, liu lakuti vinyo lidzakuthandizani kuonetsa kuti ny wa Cinyanja ndi nh wa Cipwitikizi amamveka cimodzimodzi.

Pambuyo pace itanani agogo awiri kapena atatu, amuna ndi akazi, Akhristu ndi Asilamu, adzakambe zimene anaona ndi maso. Safunsa anadya phula. Mafunso oyambira ndi awa:

1. Kantina yoyandikira mudzi uno inali pati, ndipo inkagula ciani, kugulitsa ciani?

2. Amai ofulula mowa ankatani asipayi akamabwera?

3. M'zaka zosowa mcere ndi sopo, anthu ankapeza bwanji zinthu zimenezi?

4. Msika wa kwanu unayamba caka citi, pamalo pati, ndipo denga lace anamanga ndani?

5. Lero ndani amayeza zokolola zanu, ndipo inu mumatsimikiza bwanji kuti nambala yolembedwayo ndi yoona?

Mayankho awalembe ophunzira eni ace, ngakhale zilembo zikhale zokhota. Lembani dzina la mudzi ndi caka, musunge kope limodzi m'kalasi, lina mutitumizire kuti midzi ya Cuamba, Mandimba ndi Ngauma idzawerengerane mbiri ya misika yace m'makope akubwerawa.